Mzere wa 208

Lolemba, kusanache, ku Gdańsk.
Chipale chofewa chakuta zombo padoko,
ine ndili m'chipinda chapansi
momwe seva imang'ung'udza usiku ndi usana,
ndikuwerenga makalata amene palibe anawapempha.

Zikwi zinayi ndi mazana awiri chiyambire Loweruka.
Wina akugulitsa mankhwala obwezera unyamata.
Wina akuti katundu wanga wagwidwa pamalire,
ndilipire lero, ndidine apa.
Wina ndi mkazi wamasiye wa munthu wolemera,
akufuna kundisiyira chuma chonse
bola ndimupatse nambala ya kubanki.
Onsewa akuti amandikonda.
Palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina langa.

Bożena wowerengera ndalama waimba kachitatu.
Invoisi ya ku Rotterdam yamira m'zinyalalazi,
ndipo chombo, akutero ndi mawu achimfine,
sichidikira munthu.

Ndiyamba ndi sefa. Mabowo ake ndi omwe aja.
Mndandanda wa maadiresi oletsedwa ndinaukonza Lachisanu.
Ndifunsa mpanda, mpanda ukanitsitsa:
pano sipanadumphe mlendo.
Nanga akulowera pati?
Khofi wazizira. Ndimwa choncho.

Kalata iliyonse imasiya mapazi.
Pamutu pake pamalembedwa kumene inagona,
kumene inadutsa, ola ndi mphindi.
Nditsegula kaundula, ndilondola imodzi:
dzina lobwereka, adiresi yabodza,
yafika pachipata chathu nthawi ya 3:12,
ndipo chipata, m'malo mofunsa,
changotseguka chokha.
"Wodalirika," atero makina. "Pitani."

Wodalirika ndani?

Pansi penipeni pa fayilo ya malamulo, mzere wa 208,
pali mawu a amene ankagwira ntchitoyi ine ndisanabwere:
chilichonse chopita kwa Czesław chisasefedwe,
amakalipa ikasowa kalata ya mwana wake wa ku Winnipeg.

Ndipo mzere wotsatira ukuti:
zonse za Czesław zipite kwa aliyense muofesi.

Umenewo ndinalemba ndine,
sabata ya maliro ake,
kuti makasitomala ake asamagogode pakhomo lopanda munthu.
Ndinati ndidzaufufuta pakatha mwezi.
Papita miyezi khumi ndi inayi.
Kapu yake ikadali pawindo, wina amasungiramo mabatire.

Choncho palibe anathyola chitseko.
Adiresi ya malemu inatoledwa kwinakwake,
inagulitsidwa pamodzi ndi mamiliyoni ena,
ndipo ife tinali titaisiyira kale makiyi.

Kukonza n'kosavuta. Kachizindikiro kamodzi
kumayambiriro kwa mizere iwiriyo, basi.
Koma ndisanatseke bokosi
ndiyamba ndapeta, monga lamulo limanenera,
kuti mwina muli cha phindu.
Mawotchi abodza. Ngongole zopanda chikole. Mphotho.
Mphotho inanso.
Invoisi ya Bożena, iyi apa, nditumiza.

Kenako imodzi ya Lamlungu usiku, yochokera ku Winnipeg.
Siinapite kwa aliyense. Inakanirira pamzere
chifukwa seva inali itatopa ndi zinzakezo.
Pamutu pangolembedwa kuti: Bambo, kunonso kwayamba kuzizira.

Sinditsegula.
Manja ndiwachotsa pakiyibodi, ndiwaika m'thumba.
Akudziwa, anabwera kumaliro, ndinamuona atavala chikhoti chobiriwira.
Amangolemba.

Ndifufuta mzere wanga uja.
Wa 208 ndiuchepetsa mpaka utsale kakhomo
kokwana adiresi imodzi yokha,
ndipo zolowera pamenepo zisapitenso kwina,
zizikhala m'bokosimo, ngakhale palibe woziwerenga.
Ndiyatsanso makina. Ndidikira.

3:12 ya mawa idzanditsimikizira,
koma pakali pano kaundula wayamba kuyankha bwino:
wakanidwa, wakanidwa, wakanidwa.

Pamwamba ndikumva Bożena akukoka mpando,
printa yayamba kutsokomola.
M'lipoti ndilemba kuti: lamulo lakale, lakonzedwa.
Zinazo sindilemba.
Nditenga kapu yanga kukatsuka,
ya pawindo ndiisiya pomwepo.